Ndayesa sevisi ija yokuuzani mitundu ya zovala zokukhalani, nazi zimene ndaona

Amene mumakhalitsa pa TikTok ndi Instagram mwaziona kale izi, munthu wakhala kutsogolo kwa galasi, tsitsi alimanga ndi kansalu koyera, wina ali kumbuyo kwake akumuyala nsalu zamitundumitundu pachifuwa, kuchotsa iyi kuika iyo, kenako n'kumuuza kuti inu ndinu Autumn kapena inu ndinu Winter, mayina a nyengo za chaka pa Chingerezi, munthu uja maso tong'o misozi lengelenge. Amaitcha kuti personal colour analysis, ndipo ku Seoul yafika poti alendo ena amasungitsa malo asanakwere n'komwe ndege. Ine ndachita ya pa intaneti, ija yotumiza zithunzi kenako n'kukumana ndi katswiri wake pa vidiyo, nde ndati ndilembe chifukwa anthu akumafunsana kuti kodi n'zoona kapena ndi njira chabe yodyera ndalama za anthu. Kwa ine mbali yoona ndi maso ndi yeniyeni ndipo yandithandiza, koma mbali ya mayina a nyengo ndi zoti khalidwe lanu ndi lakutilakuti, imeneyo ndi nkhambakamwa yoikidwa mu PDF yokongola basi. Kampaniyo sindiitchula, alipo ambirimbiri ndipo onse amayenda njira imodzimodzi.

Mukalipira amakutumizirani fomu ndi malangizo ojambulira zithunzi. Nkhope ikhale yopanda make-up, pasakhale filter, muime moyang'ana windo masana koma dzuwa lisakuombeni mwachindunji, muzimitse mababu onse a m'chipinda, ndipo mugwire pepala loyera pambali pa tsaya kuti iwo adziwe mmene kamera yanu yasokonezera kuwala. Amafunanso chithunzi cha diso chapafupi, cha tsitsi lanu lachibadwa, cha mkono kunsi kwake pamene pali mitsempha, ndi china mutavala ndolo yagolide khutu lina yasiliva khutu linalo. Malangizowa ndi omveka bwino, pamenepa ndiwayamikire, ndipo chithunzi chikakhala kuti sichinatuluke bwino amakuuzani kuti mujambulenso m'malo mongolandira kuti ntchito ithe.

Pa vidiyo ndinakumana ndi mayi wina wodekha kwabasi, osathamanga, ndipo ndi iwowo amene anapangitsa kuti ndisanong'oneze bondo. Anaika chithunzi changa pa sikirini n'kumasintha mtundu wa nsalu yapakompyuta kunsi kwa chibwano, komanso anali atandiuza kuti ndibwere ndi zovala zanga zingapo zamitundu yosiyana kuti ndiziika ndekha pakhosi iwo akuyang'ana. Lamulo lawo linali limodzi, musayang'ane nsalu, yang'anani nkhope. Zimamveka zophweka koma yesani muone, diso limathamangira ku mtundu umene mumaukonda kale, nde iwo amangobwereza kuti yang'anani kunsi kwa maso, yang'anani milomo, yang'anani m'mbali mwa mphuno. Ndipo zoonadi zinthu zimasintha anthuni. Nditaika malaya ena a beige otumbuluka aja nkhope yanga inatuwa ngati sindinadzole chilichonse, kunsi kwa maso kunada, nditachotsa n'kuika buluu wolimba khungu lomwelo linaoneka losalala, maso oyera mbee, milomo n'kuoneka kuti ili ndi magazi. Yelo wotumbululuka uja wopita ku girini anandidwalitsa pomwepo, yelo wakupsa wopita ku golide anandikhala. Kuwala kwake kunali komweko, foni yomweyo, ine yemweyo, chimene chinasintha ndi kansalu ka kunsi kwa chibwano.

Izi sizamatsenga ayi, ndipo zinadziwika kalekale TikTok kulibe. Mu 1824 katswiri wa kemisitile dzina lake Michel Eugène Chevreul anaikidwa kukhala mkulu woona za utoto pa fakitale ya nsalu ya Gobelins ku Paris, ndipo kunali madandaulo oti ulusi wakuda umene ankanyika kumeneko sumada mokwanira. Atafufuza anapeza kuti utoto unalibe vuto, wakudayo ankaoneka wofooka akalukidwa pafupi ndi buluu kapena pepo, chifukwa diso likaona mitundu iwiri yoyandikana limakankhira uliwonse kutali ndi unzake. Anazilemba m'buku lake la mu 1839 ndipo ojambula zithunzi akhala akugwiritsa ntchito mfundo imeneyi mpaka pano. Onjezerani pamenepo zoti nsalu imene ili pachifuwa imabweza kuwala kwake kumka kunkhope, makamaka kunsi kwa chibwano ndi masaya, nde mukuona kuti zimene mayi aja amandionetsa zili ndi maziko. Mbali imeneyi ndiye mtima wa sevisi yonse, ikanakhala kuti imathera pomwepa bwenzi ndikungoti pitani kachiteni.

China chimene sindimayembekezera n'choti anandipatsa mawu. Ine zovala zanga zonse kuyambira maruni, yofiira yowala ija, mpaka zina zopita ku olenji, ndimangoti zofiira, ndipo ndikati ndimakonda zofiira ndimaganiza kuti ndanena chinthu chimodzi. Iwo anazilekanitsa, iyi ili ndi buluu mkati mwake, iyi ili ndi yelo, iyi yaphwanyidwa ndi gireyi, ndipo amafunsa zinthu zitatu pa mtundu uliwonse, kodi ndi wotentha kapena wozizira, ndi wakuya kapena wopepuka, ndi wowala kapena wozimirira. Chiyambireni tsiku limenelo ndikaona diresi diso langa likumafunsa lokha mafunso atatuwo, ndipo zofiira ziwiri zimene kale ndimaziona ngati imodzi pano zikusiyana poyera. Kusiyanako kunalipo kale ndithu, diso limangodutsapo chifukwa panalibe poliimitsa.

Zimenezi akatswiri a zilankhulo akhala akukangana nazo kwa nthawi yaitali. Mu 1969 Brent Berlin ndi Paul Kay anayerekeza zilankhulo zambiri n'kupeza kuti mayina a mitundu sabwera mwachisawawa, chilankhulo chikakhala ndi mayina awiri okha amakhala a kuda ndi kuyera, chikakhala ndi atatu lachitatu limakhala la kufiira, girini ndi yelo amatsatira, buluu amabwera mochedwa. Ena anawatsutsa pa zina ndi zina koma taganizirani Chichewa chathu chomwechi, mawu enieni okhazikika amene timawapinda mmene tingafunire ndi monga kuda, kuyera ndi kufiira, ndipo ndi omwewo amene analowa mpaka m'mitima, munthu amada nkhawa, kukhosi kumada kapena kuyera, zinthu zikavuta maso amafiira, pomwe buluu ndi pinki tinangobwereka ndipo palibe amene amamva pinki mumtima. Ndipo mu 2007 kunatuluka kafukufuku wa Jonathan Winawer, Lera Boroditsky ndi anzawo pa anthu olankhula Chirasha, amene ali ndi mayina awiri osiyana a buluu wopepuka ndi buluu wakuya, anapeza kuti amafulumirako pang'ono kusiyanitsa mabuluu awiri akakhala kuti agwera mbali ziwiri za malire a mayinawo, pomwe olankhula Chingerezi malirewo sankawathandiza kanthu. Pang'ono pokha, tizigawo ta sekondi, osati zoti Arasha amaona dziko lina ayi. Koma ndi zomwezo zimene zandichitikira ine ndi zofiira zanga, nde ndikati sevisiyi imakugulitsani mawu sindikunyoza.

Tsopano zovuta. Choyamba ndi kamera, ndipo amene muli ndi khungu lakuda ngati ine mvetserani bwino apa. Lipoti loyamba limene anakonza poona zithunzi zokha linati ndine Deep Autumn, Deep kutanthauza mitundu yakuya. Titakumana pa vidiyo kunja kunali mitambo, kuwala kwasintha, mayi aja anayang'anitsitsa n'kunena kuti ayi, mukuoneka kuti mukupendekera ku Deep Winter. Munthu mmodzi, nyengo ziwiri, imodzi yotentha ina yozizira, ndipo kusiyana kwa ziwirizi ndi kumene ndimalipirira. Iwo sanabise, anati foni zambiri zikaona nkhope yakuda zimaonjezera kuwala zokha komanso zimasintha kutentha kwa mtundu popanda kukufunsani, nde chimene chimafika kwa iwo ndi maganizo a foni yanu pa khungu lanu. Babu la m'nyumba lofiirira lija limakhala cha m'ma 2700 kelvin (muyeso wa mtundu wa kuwala), kuwala kwa masana kumakhala cha m'ma 5500 mpaka 6500, foni imayesa kulingalira kuti choyera ndi chiti n'kukonza zonse motsatira kulingalira kwakeko, kenako sikirini ya iwo nayonso ili ndi khalidwe lake. Mukukumbukira diresi lija la mu February 2015 limene dziko lonse linakangana, ena akuti ndi loyera ndi golide ena akuti buluu ndi lakuda? Linali labuluu ndi lakuda, koma ubongo wa munthu aliyense umalingalira pawokha kuti chithunzicho chajambulidwa pa kuwala kotani n'kuchotsera. Ngati diresi linasokoneza anthu mamiliyoni, kuli bwanji kamtundu kobisika ka pansi pa khungu kamene iwo amati undertone.

Ndipo vuto la kamera ndi khungu lakuda si la dzulo. Kuyambira m'ma 1950 malo otsukira zithunzi ankatchera makina awo pogwiritsa ntchito khadi la Kodak lodziwika kuti Shirley card, pamene panali chithunzi cha mzimayi wachizungu, kutanthauza kuti khungu loyera ndi limene linali muyeso wa chithunzi chabwino, ndipo khadi lokhala ndi akazi a khungu losiyanasiyana linabwera m'ma 1990. Sikelo ya Fitzpatrick imene madokotala a khungu amagwiritsa ntchito pogawa khungu m'magulu malinga ndi mmene limapsera ndi dzuwa, ya mu 1975, inayamba ndi magulu a khungu loyera okhaokha, a khungu lakuda anachita kuonjezera pambuyo pake, onse pamodzi n'kukwana 6, ndipo ma emoji a mitundu ya khungu amene anabwera mu 2015 anatengera sikelo yomweyo. Mu 2022 Google inayamba kugwiritsa ntchito sikelo ina ya magawo 10 yokonzedwa ndi Ellis Monk wa ku Harvard pofuna kukonza zomwezi. Nde kampani ikamati titumizireni selfie tikuuzeni zonse, dziwani kuti ikudalira chipangizo chimene chakhala chikuphunzira mochedwa kutiona ife.

Mayeso a mitsempha aja ndiye anandiseketsa. Akuti yang'anani kunsi kwa mkono, mitsempha ikaoneka yabuluu ndinu wozizira, ikaoneka yagirini ndinu wotentha. Ine ndinayang'ana mpaka kutembenuza mkono uku ndi uku, mitsempha ikuoneka kutukuka kwake kokha, mtundu ndi wakhungu womwewo. Mayi aja anangoti eya, mayeso amenewo kwa inu sagwira, tiwasiye. Chabwino, koma bwanji akadali pa fomu ya aliyense? Funso lina pa fomupo linali loti mukakhala padzuwa mumafiira kaye kapena mumangoda, lina loti tsitsi lanu muli mwana linali la mtundu wanji, mayankho ake ambiri ali a tsitsi la blonde ndi bulauni wamitundumitundu, lakuda lili limodzi kumapeto. Fomu imeneyi sanatiganizire poilemba, anangotiikamo mochita kupanikiza.

Ukafufuza kumene zinachokera umamvetsa chifukwa chake. Maganizo olumikiza maonekedwe a munthu ndi nyengo zinayi amawatengera kwa Johannes Itten, wojambula wa ku Switzerland amene ankaphunzitsa pa sukulu ya Bauhaus ku Weimar kuyambira 1919 mpaka 1923, iye anaona kuti ophunzira ake akapatsidwa ufulu amasankha mitundu yogwirizana ndi khungu, tsitsi ndi maso awo. Chimene chinafalitsa nkhaniyi kwa anthu wamba ndi buku la Carole Jackson lotchedwa Color Me Beautiful la mu 1980, limene linagulidwa kwambiri ku America, azimayi n'kumayenda ndi timabuku ta tinsalu m'zikwama pokagula zovala. Pano magulu anayi aja anawagawanso kukhala 12, ena 16, ndi chifukwa chake mumamva za Soft Summer, Bright Spring ndi zina zotero. Koma pachimake pake ndondomekoyi inamangidwa poyang'ana anthu amene tsitsi lawo limasiyana kuchokera loyera mpaka lakuda ndipo maso awo ena abuluu ena agirini. Mukabweretsa anthu amene pafupifupi onse tsitsi ndi lakuda, maso abulauni wakuya, ndondomekoyo imasowa chogwira n'kungowaponya onse m'mabokosi awiri a Deep, ngati kuti khungu lakuda ndi limodzi, pomwe aliyense amene anakhalapo pagulu la abale ake akudziwa kuti pali kuda kopita kofiira, kuda kopita ku golide, kuda kopita ku buluu, ndipo zovala zowakhala anthu atatuwa n'zosiyana. Opanga zodzoladzola anazindikira zimenezi Fenty Beauty ya Rihanna itatulutsa foundation ya mitundu 40 mu 2017, makampani ena n'kuyamba kuthamangira kuonjezera yawo. A nyengowa akadali m'mbuyo.

Komanso mayina enieniwo, Autumn ndi masamba ofiira akugwa, Winter ndi chipale chofewa, zithunzi zonse za mu lipoti ndi zimenezo. Kwa munthu aliyense wokhala kumadera otentha a dziko lapansi, ndipo ndife ambiri zedi, chaka sichiyenda choncho, nde akamati ganizirani nkhalango ya mu Autumn kuti mumvetse mitundu yanu akukufotokozerani chinthu chimodzi chosadziwika pogwiritsa ntchito china chosadziwikanso. Akanangosiya mafunso atatu aja, kutentha, kuya ndi kuwala, aliyense akanamva.

Tsamba limene linandikwiyitsa kwenikweni ndi la khalidwe. Lipoti likuti anthu a Winter ndi olimba mtima, okonda kutsogolera, osachedwa kugamula zinthu, sakonda zachibwana. Lipoti loyamba lija la Autumn linali litati ndine wofatsa, wokonda zachilengedwe, wodalirika, wa mtima wa pansi. Ndiye kuti mitambo itabwera khalidwe langa linasintha eti? Zonse ziwiri ukamawerenga umagwedeza mutu kuti eya ndine ameneyo, chifukwa zalembedwa mwa njira yoti aliyense adzipezemo, mofanana ndi zija za nyenyezi za mwezi wobadwa. Ndinawafunsa mayi aja kuti zimenezi amazitenga kuti, anaseka n'kunena kuti tsambalo limabwera lokha ndi template ya kampani, iwo salilemba. Ndinawakonda chifukwa chonena zoona, koma ndi tsamba limeneli limene anthu amajambula n'kumaika pa status.

Pali tsamba linanso la mmene mitundu imasinthira mtima, buluu amakhazika mtima pansi, yofiira imapatsa mphamvu, yelo amabweretsa chimwemwe, girini amachiritsa, zolembedwa motsimikiza ngati mankhwala a kuchipatala. Apa ndiyenera kuchedwapo pang'ono chifukwa nkhaniyi ili ndi koona kwake koma imakokomezedwa koopsa. Chitsanzo chotchuka ndi pinki wina wotchedwa Baker-Miller. Mu 1979 wofufuza wina, Alexander Schauss, anakopa akuluakulu a ndende ya asilikali a pamadzi ku Seattle kuti apente chipinda cha akaidi ndi pinki ameneyu ponena kuti amachepetsa ukali, nkhani inafala, ndende zambiri zinapenta, mpaka matimu ena a mpira ku America anapenta pinki chipinda chosinthira cha alendo kuti awafooketse. Koma ofufuza ena atayesanso mosamala, kuphatikizapo kafukufuku wa m'ndende ya ku Switzerland amene anatuluka mu 2015, sanapeze kusiyana pa ukali wa akaidi. Yofiira nayo ili ndi nkhani yake, mu 2005 Russell Hill ndi Robert Barton anaunika masewera a nkhonya, taekwondo ndi kulimbana a pa Olympics ya ku Athens ya 2004, kumene ovala zofiira ndi zabuluu amasankhidwa mwamwayi, n'kupeza kuti ofiira anapambana pafupifupi 55 pa 100 iliyonse. Zosangalatsa, koma mu 2008 ena ku Germany anaonetsa oyimbira taekwondo mavidiyo a ndewu zomwezomwezo atasinthanitsa mitundu pakompyuta, ndipo oyimbirawo anapereka mapointi ambiri kwa amene waoneka wofiira. Kutanthauza kuti mwina mphamvu ya chovala chofiira ili kwambiri m'diso la wokuonani kuposa m'magazi mwanu.

Ndipo tanthauzo la mtundu limasintha malinga ndi kumene muli komanso nthawi. Pa misika ya masheya ku New York ndi London nambala zofiira ndiye kuti zinthu zagwa, ku Shanghai, Tokyo ndi Seoul zofiira ndiye kuti zakwera, anthu akusangalala. Pinki amene lero timamuona ngati wa atsikana chibadwire, mu 1918 magazini ina ya ogulitsa zovala za ana ku America, Earnshaw's Infants' Department, inalemba kuti pinki ndi woyenera anyamata chifukwa ndi wamphamvu, buluu ndi wa atsikana chifukwa ndi wofewa. Sindikukana kuti mtundu umakhudza mtima, ine ndikavala buluu wanga uja ndimayenda mosiyana, mapewa m'mwamba, koma ndikudziwa chifukwa chake, ndadziona pagalasi kuti ndikuoneka bwino ndipo anthu andiuza. Munthu wina amene buluu yemweyo anali yunifomu ya pamalo pamene ankazunzika sangamve zimene ndikumva ine, ndipo lipoti la template silingadziwe zimenezo.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi mmene anthu akulitengera dzina la nyengoli. Mu gulu la makasitomala limene amakuikani mukamaliza ndaona anthu akufunsa ngati ali ololedwa kuvala diresi la ukwati wa mchemwali wawo poti si la mu palette, mndandanda wa mitundu imene anauzidwa kuti imawakhala, wina akuti wapereka zovala zake zonse zakuda ngakhale amazikonda chifukwa anamuuza kuti ndi Spring, wina akudandaula kuti anapita kwa katswiri wina n'kumuuza nyengo yosiyana nde pano sakudziwa kuti iye ndi ndani. Sakudziwa kuti ndi ndani, chifukwa cha nsalu! Munthu amalakalaka kuuzidwa kuti uli m'gulu ili, anzako ndi awa, mitundu yako ndi iyi, ndi njala yomweyo imene imatipangitsa kuvala makaka a timu kapena a mbendera, ndipo sevisiyi imaidziwa bwino njala imeneyo. Tsamba la mitundu yopewa analilemba ndi mitanda yofiira pa kabokosi kalikonse. Pa ine anathetha olenji, ndipo olenji ndimamukonda ndipo ndipitiriza kumuvala, kungoti pano ndadziwa kuti akakhala siketi kapena nsapato, kutali ndi nkhope, palibe chimene amandilakwira, ndipo akakhala pafupi ndi nkhope ndimaika kena kake kakuda kapena koyera pakhosi kuti kalekanitse. Nzeru imeneyi anandipatsa ndi mayi omwe aja pakamwa, mu lipoti mulibe.

Zina zing'onozing'ono. Palette amakupatsani ya pa foni, mabokosi a mitundu ndi mayina ake a Chingerezi okometsera aja oti ukawatchula m'sitolo wogulitsa amangokuyang'ana, ndipo kuyerekeza kabokosi kowala ka pa sikirini ndi nsalu yeniyeni pansi pa magetsi a m'sitolo n'kovuta, sikirini imatulutsa kuwala kwake pomwe nsalu imangobweza kumene yalandira. Kakhadi kosindikiza kapena ka tinsalu tenitenti kaja ndi kolipira mwapadera, zimene sananene poyamba. Ukangomaliza maimelo amayamba kugwa ngati mvula, gulani phukusi la make-up, gulani la mtundu wa tsitsi, gulani la kaumbidwe ka thupi. Ndipo zithunzi zija, nkhope yopanda chodzola, diso lapafupi, ndinafunsa kuti amazisunga nthawi yaitali bwanji ndipo ndani amaziona, yankho linabwera lozungulira, loti amalemekeza chinsinsi cha makasitomala, osatchula nthawi. Ndinachita kulemba kalata ina yopempha kuti azifufute ndipo anavomera, koma batani lochitira zimenezi wekha palibe.

Nde ndani achite? Ngati muli ndi kabati yodzaza koma m'mawa uliwonse mumaona ngati mulibe chovala, kapena mumagula zinthu zokongola pa hang'ala zikafika pathupi n'kukuzimitsani osadziwa chifukwa, muphunzirapo kanthu ndithu. Koma ngati n'kotheka pezani yokumana maso ndi maso, ya nsalu zenizeni pa kuwala kwa masana, chifukwa zonse zimene zinasokonekera kwa ine zinadutsira mu kamera. Ndipo musanalipire funsani kuti akuonetseni ntchito imene anachitapo pa anthu a khungu ngati lanu, muone ngati onse anawaika mu Deep Autumn ndi Deep Winter, mukaona choncho dziwani kuti nanunso yankho lanu lakonzedwa kale musanatumize n'komwe chithunzi. Za app zija zongojambula selfie n'kukupatsani nyengo pa masekondi ochepa musataye nazo nthawi, ndi kamera yomweyo popanda munthu woti n'kuitsutsa.

Ngati ndalama palibe, mbali yothandizayo mutha kuichita nokha. Khalani pafupi ndi windo masana, magetsi ozimitsa, nkhope yosamba, galasi kutsogolo, sonkhanitsani nsalu zilizonse zamitundu yosiyana ngakhale mataulo ndi mapilokesi, muziika ziwiriziwiri zoyandikana mtundu, yofiira yopita ku olenji kenako yofiira yopita ku pepo, yoyera mbee kenako yoyera yopita ku kirimu, golide kenako siliva. Itanani mnzanu mmodzi wosanyengerera, uja amakuuzani chilungamo ngakhale chowawa, mumuuze kuti asayang'ane nsalu ayang'ane kunsi kwa maso anu ndi milomo, ndipo inu musamuuziretu kuti mumakonda iti chifukwa akangodziwa ayamba kukukondweretsani.